Dengu Poyamba, Chimanga Pambuyo

Ntchito yanga inali yosesa. Ndiyambire pamenepo, kuti wina asaganize kuti ndinali munthu wa makina. Ndinkasesa, kukolopa, kutunga madzi ndi kuphika tiyi pa kaofesi kena ka zipinda ziwiri pa boma la Chadiza, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kaofesiko kanali ka bungwe lina loona za ana onyentchera. Ana akayezedwa kusikelo m'midzi, amene thupi lawo latsika ankalembedwa maina kuti azilandira ufa wa soya wophikira phala. Mainawo ankapita ku Chipata kamodzi pamwezi, ndipo ufa unkabwera motsata maina amene afika kumeneko. Dzina likapanda kufika, mwanayo ankadikira mwezi wina.

Sukulu ndinalekera giredi seveni. Chizungu ndinkachiwerenga ngati munthu wowoloka mtsinje pamiyala, apa waponda, apa walumpha, apa wanyowa.

Muofesimo tinalimo atatu. Panali akalaliki, mayi wa kudera la Katete, wondiposa zaka zowerengeka. Ndinkawaitana kuti asisi, iwo ankati mng'ono wanga. Panalinso alonda, bambo wachikulire wa ku Zingalume, amene masana ankalima kadimba kuseli kwa ofesi. Iwo anali a kudambwe, ine wa mpingo, ndipo tinkanyogodolana za zimenezo tsiku lililonse popanda kuyambana. Wachitatu ndine, ndi mwana wanga wamkazi kumsana.

Kompyuta ndinaipeza ilipo kale. Inali bokosi lotuwa, pamwamba pake galasi lakuda bii, ndipo pagalasipo kamzere kakang'ono kankangothwanima ngati diso la munthu amene akudikira kuti ulankhule. Moto wake unkachokera ku sola ya padenga n'kulowa m'mabatire awiri pansi pa tebulo. Pakhoma panali kabokosi ka timagetsi titatu. Kobiriwira kakayaka, zonse zili bwino. Kachikasu, fulumira. Kofiira kakayaka, posakhalitsa zonse zinkazima zokha. Asisi anandiuza tsiku loyamba lomwe kuti chinthucho sachizimitsa chili pakati pa ntchito, chifukwa maina a m'katimo akhoza kuwonongeka. Choncho ndinkasesa mochizungulira ngati mmene umazungulira galu wa eni.

Chimene chinandiyandikizitsa ndi makhadi a sikelo. Zolemba za pamakhadi ena zinali zovuta kuwerenga, ndipo asisi midzi yathu sankaidziwa. Ankandifunsa, ine n'kuwauza kuti mudzi uwu uli ku Mlolo, mayi uyu ndi wa banja lakutilakuti. Tsiku lina maso akuwawawa anati, "Bwera ukhale apa, mng'ono wanga. Sichiluma." Ananditsegulira malo angaanga ophunzirirapo, amene iwo ankati fayilo, ndipo ine ndinkalembamo maina a mitengo ndi chala chimodzi: msuku, mpoza, mlombwa, mthethe. Patapita miyezi ndinayamba kulowetsa maina a ana enieni. Zimenezo sizinali zovuta. Unkalemba liwu limodzi, mndandanda n'kutseguka, uli ndi timabokosi, apa dzina, apa mudzi, apa sikelo.

Koma pagalasi lakuda paja, pamene umalamula chinthucho ndi mawu ako, sindinkapayandikira. Asisi anangondiuzako kuti m'mimba mwa kompyuta amamutcha C, ndipo mmenemo ndi nkhokwe. Kakamwa kolowetsapo disiketi amakatcha A, ndipo disiketiyo ndi dengu lotapira. Mwezi ukatha ankalowetsa disiketi, n'kulemba mzere umodzi mwachangu. Kompyuta inkafunsa funso, iwo n'kudina Y osaliyang'ana n'komwe. Kakamwa kaja kankayaka n'kulira ngati nkhumba ili m'tulo, basi, disiketi m'envulopu, envulopu kwa adalaivala a galimoto ya ku Chipata. Ndinaona zimenezi kambirimbiri, koma ndinkaonera kumbuyo, tsache lili m'manja.

Chaka chimenecho chimanga chathu chinatha Khirisimasi isanafike. Mu Januwale mwana wanga anatsegula m'mimba masiku ambiri, ndipo atachira sanabwerere m'thupi. Timiyendo tinali ngati mapesi, tsitsi linayamba kufiira. Kusikelo ya Febuluwale kadontho kake kanagwera pansi pa mzere wa pakhadi. Dzina lake ndinalilowetsa ndekha mu kompyuta, kumapeto kwenikweni kwa mndandanda, chifukwa ndinkachita manyazi kuliika pakati pa ena. Mwezi womwewo analembanso ana ambiri atsopano ku Pembamoyo. Mapepala awo titangomaliza kuwalowetsa, denga linadonthera pa shelefu, inki yonse n'kusungunuka. Asisi anati palibe kanthu, onse ali m'nkhokwe.

Lachinayi la sabata yomaliza ya mweziwo kunabwera munthu panjinga ndi uthenga wakuti bambo awo a asisi atisiya. Asisi anakhala pansi pakhonde n'kuyamba kulira. Ndinawalongedzera chikwama, kuwamangira chitenje. Atakwera kale pa keliyala ndi pamene anakumbukira.

"Galimoto ya ku Chipata ndi mawa. Disiketi ili m'dilowa, ija ya mwezi watha, inabwerako. Utumize maina."

"Ine, asisi?"

"Wandiona kangati ndikuchita? Zonse zili m'buku lija. Tsamba lake ndi lopindidwa."

Ndinali ndi mafunso odzaza m'kamwa, koma munthu wa maliro sumuimika pamsewu ndi mafunso a ntchito. Ndinangoti muyende bwino.

Lachisanu kunacha kuli mitambo, tsiku lachitatu dzuwa osaoneka. Nditayatsa kompyuta, kagetsi ka pakhoma kanali kale kachikasu. Ndinatsitsa buku lija pamwamba pa kabati. Linali lonenepa kuposa Baibulo la paguwa kutchalitchi, ndipo linkanunkha ngati silinatsegulidwepo. Nditapeza tsamba lopindidwa mtima unakhala pansi pang'ono, chifukwa liwu la pamwamba ndinalizindikira. Linali lomwe lija asisi ankayamba nalo, lotanthauza kukopera.

Pansi pa liwulo panali mzere umodzi wokha wosonyeza kalembedwe kake. Mzerewo unali wodzaza timipanda, timizere topendekeka, timadontho, ndipo m'timipandamo munali timipanda tinanso. Pakati pake panali mawu awiri aakulu amene sindinawadziwe, lina patsogolo, lina pambuyo. Ndinatsika ndi chala tsamba lonse kufunafuna pamene munthu wanena kuti, ngati ukufuna kuika chinthu mu disiketi, lemba chonchi. Panalibe. Liwu lililonse ankalimasulira ndi mawu ena atatu ovuta kuposa loyambalo. Zinali ngati wafunsa njira kwa munthu, iye n'kukuuza kuti ukafika pamene panali mtengo uja, ukakhotere kumene tinakhotera chaka chatha. Wolemba bukulo ankalembera mnzake amene ankadziwa kale.

Ndinali ndi zinthu zitatu m'mutu: liwu lokopera, A ndi dzina la mndandanda, C ndi dzina la mndandanda. Zonsezo ndinaziona pansi pa zala za asisi. Chimene sindinagwire ndi chakuti choyamba n'chiti pakati pa A ndi C. Ndiye ndinaganiza monga ndimagwirira ntchito. Ukapita kunkhokwe, suyamba watapa chimanga. Umayamba waika dengu pansi, kenako n'kutapa. Kuchigayo n'chimodzimodzi, thumba limakhala kukamwa kwa chigayo ufa usanayambe kutuluka. Mwana wamkazi aliyense kwathu amadziwa zimenezo asanathe kusenza ndowa. Choncho ndinalemba liwu lija, kenako A, dengu, kenako C, nkhokwe, n'kudina batani lalikulu.

Funso linabwera monga linkabwerera kwa asisi. Ndinasangalala, chala changa n'kupita pa Y chokha. Nthawi yomweyo mwana anatsokomola kumsana n'kubweza timadzi paphewa panga. Ndinachotsa dzanja, kumumasula, kumupukuta ndi nsonga ya chitenje, kumuyamwitsa pang'ono. Nditabwerera pampando ndi mwana pamiyendo, maso anga anagwera pa funso lija, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaliwerenga. Linkayamba ndi liwu lalitali limene sindinalidziwe, kenako panali C ndi dzina la mndandanda wa ana, kumapeto Y ndi N.

Kwa asisi, kodi pamenepa pankakhala C? Ndinatseka maso kuyesa kuona galasi lija ndili kumbuyo kwawo. Ndinkaona ngati pankakhala A. Kenako ndinkaona ngati C. Ndikakumbukira kwambiri, chilembocho chinkasintha. Chinthucho chinkafuna kuchita kanthu ndi nkhokwe, mmene munali ana a ku Pembamoyo amene analibenso pepala muofesimo, ndi mwana wanga kumapeto kwawo. Ndipo sindinadziwe ngati chikufunsa kuti ndifafanize, kapena kuti ndisunge. Ngati chikuti ndifafanize, Y ndi imfa. Ngati chikuti ndisunge, imfa ndi N.

Ndinabwerera ku buku. Kumapeto kwake kunali mndandanda wa mawu ndi masamba ake, ngati wa m'buku la nyimbo. Liwu lalitali lija ndinalipeza. Linanditumiza ku tsamba lomwe lija lopindidwa. Ndinawerenganso pang'onopang'ono, milomo ikuyenda, mpaka ndinalipeza litabisala pansi, m'kandime ka mizere iwiri. Ndinakawerenga kanayi ndisanamve. Kankanena kuti ngati sukufuna kuti kompyuta izikufunsa funso limeneli, uwonjezere kamzere kopendekeka ndi chilembo chakuti. Basi. Chimene funsolo likufunsa sananene. Chimene chimachitika ukavomera kapena ukakana sananene. Buku lonse lija linandiphunzitsa kutseka chinthucho pakamwa, osati kumva chimene chikunena. Pansi pake anati onaninso tsamba lina. Ndinapitako, ndipo tsambalo linandituma ku lina, limene linandibweza ku loyamba.

Ndinaitana alonda pawindo. Analowa akupukuta matope m'manja, n'kuima patali ndi tebulo.

"Atate, chandifunsa funso."

"Ndiye yankhani, amake mwana. Kapena mwayambana?"

"Sindikumva chimene chikufunsa."

"Ine ndinavinidwa kalekale, zilombo ndimazidziwa zonse ndi mayendedwe ake. Koma ichi si cha kwathu. Ichi n'cha inu a mabuku. Imbani nyimbo, mwina chigona."

Ataona kuti sindikuseka anayandikira, nayang'ana galasi, nayang'ana mwana. Ndinawafotokozera za Y ndi N, ndi za ana a ku Pembamoyo. Anakanda chibwano.

"Vomerani. Wamkulu akakufunsa umati inde, zinazo mumakambirana pambuyo. Chinthu chodula chonchi n'kuchikanira? Chikakwiya?"

Sanali kunena zachibwana. Inenso ndinaleredwa choncho. Ndinati inde kwa aphunzitsi ndisanamve samu. Ndinati inde kwa anamkungwi, kwa apongozi, kwa akulu a mpingo, maso ali pansi. Mwezi wapitawo, mwana akutsegula m'mimba, anamwino anandifotokozera kasakanizidwe ka madzi a mchere ndi shuga mwachangu, anthu ali pamzere, n'kundifunsa ngati ndamva. Ndinati inde. Ndinafika kunyumba osadziwa kuti shuga ndi masupuni angati, ndipo tsiku lathunthu linadutsa ndisanalimbe mtima kufunsa mnzanga. Tsiku limenelo ndimaliganizabe. Mwina mwana sakanatsika chotero. Inde wanga anali wosavuta kutuluka, ndipo m'mawa umenewo ndinayamba kumuopa.

"Nanga mukangochizimitsa?" anatero alonda.

"Asisi anati sachizimitsa chili pakati pa ntchito."

"Nanga kaja kakafiira?"

Tonse tinayang'ana kukhoma. Kanali kachikasube. Alonda anatuluka, ndipo posakhalitsa ndinamva makwerero akugunda khoma. Anakwera padenga ndi kasanza kukapukuta sola, ngati kuti mitambo inali fumbi. Ine ndinakhala pamenepo, mwana akugona pamiyendo, kamzere kaja kakuthwanima pambuyo pa funso. Sikankatopa. Munthu akakufunsa funso iwe n'kukhala chete, amabwereza ndi mawu ena, kapena amakuyang'ana nkhope n'kuzindikira kuti sunamve. Ichi chinkangodikira. Ndinayamba kuopa ngakhale kusuntha mwendo, kuti mwina ndigunda waya. Ndinaopa ntchentche imene inatera pa mabatani.

Galimoto inafika dzuwa lisanafike pamutu, ngakhale dzuwalo silinkaoneka. Adalaivala anali bambo wamfupi, wolankhula mokweza, amene nthawi zonse ankalowa akufunsa tiyi. Tsiku limenelo sanafunse.

"Amayi, envulopu. Kumadzulo uko kwada, ndikachedwa kamtsinje kaja kandigoneka kuno. Akalaliki ali kuti?"

Ndinawauza za maliro. Anavula kapusi n'kupepesa, kenako anaivalanso.

"Ndiye disiketi?"

"Ili m'kati, koma chandifunsa funso."

"Ine ndimayendetsa galimoto, amayi, osati wailesi yakanema. Tadinani lililonse, zinthu izi zimangofuna kudinidwa."

"Muli dzina la mwana uyu."

Anamuyang'ana mwanayo, timiyendo tija tili panja pa chitenje. Anapuma mwamphamvu, natulutsa magalasi m'thumba la malaya, nawerama pa tebulo. Chizungu chawo chinali chabwino kuposa changa. Anawerenga funso, kenako anatenga buku, natembenuza masamba atatu aja, nabwerera, naliika pansi mokhala ngati latentha.

"Amene analemba ichi sanakwatire. Munthu wa pabanja sangalankhule chonchi, akanamuthamangitsa. Koma liwu ili ndikuliona. Likuti chikufuna kulemba pamwamba. Nanga si kulemba komweko mukufuna?"

"Pamwamba pa chiyani?"

"Pa chimene chatchulidwa apachi, kaya."

Chotchulidwa chinali C. Ndinakumbukira sileti yanga ya giredi wani. Pa sileti sulemba pamwamba pa zolemba, umayamba wafafaniza ndi malovu. Ndipo chimene chikanalembedwa pamwamba pa nkhokwe chikanachokera kuti? M'dengu. M'dengu munali maina a mwezi watha, mwana wanga asanalowe, a ku Pembamoyo asanalembedwe. Ndinaona ngati ndayamba kumvetsa, koma kumvetsa kwanga kunatsamira pa liwu limodzi lomasuliridwa ndi munthu wothamangira kamtsinje. Ndipo za N palibe amene anandiuza. Mwina ukakana chimatseka zonse. Mwina chimataya zonse ziwiri. Moyo wanga wonse ndinali ndisanaonepo kukana kopanda chilango.

"Amayi," anatero adalaivala, akuyang'ana pawindo.

Alonda anali atatsika padenga, ataima pakhomo. "Vomerani, amake mwana."

Ndinaganiza za kumunda, pa kupalira koyamba, pamene chimanga ndi udzu zimafanana. Amayi anga ankati chimene ukukayika chisiye. Udzu ukausiya lero udzauzula mawa, koma chimanga ukachizula chapita. Sindinadziwe ngati N ndi kusiya. Ndinangoona kuti mwa ziwirizo, ndi iye amene amafanana nako. Ndinamukumbatira mwana ndi dzanja lamanzere, n'kudina N, kenako batani lalikulu.

Kompyuta inalemba kamzere kamodzi, ndipo kutsogolo kwake kunali ziro.

Sindidzaiwala ziro ameneyo. Ndinaganiza kuti chikundiuza kuti m'nkhokwe simunatsale kanthu. Ndinamva adalaivala akunena zinazake, koma mawu awo ankamveka ngati ali kutsidya. Ndinalemba liwu lija lotsegulira mndandanda, ndinalakwitsa, ndinalembanso. Timabokosi tinatuluka. Dzina loyamba linalipo. Ndinagwira batani lotsikira pansi osalisiya, maina akuthamanga, Mlolo, Zingalume, midzi ya pafupi ndi boma, kenako Pembamoyo, mmodzi mmodzi, onse aja. Pansi penipeni panali mwana wanga ndi sikelo yake ya Febuluwale.

"Alipo?" anafunsa alonda.

"Alipo."

"Ndiye ziro uja," anatero adalaivala, "amati palibe chimene chakopedwa. Tabwerera poyambira, amayi. Ndipo taonani kukhoma."

Kofiira kanali katayaka.

Apa ndikanatha kungotembenuza mzere uja, C patsogolo, A pambuyo, n'kudina. Adalaivala ankafuna zimenezo. Koma ndinali nditaganizapo kale kamodzi m'mawa umenewo, ndi mtima wonse, n'kulakwa. Sindinafune kuganiziranso pa maina a ana. Mbiya yatsopano suyamba kuphikamo ndiwo za alendo. Ndinatseka mndandanda n'kulemba liwu lokopera, kenako C ndi dzina la fayilo yanga ya mitengo, kenako A.

"Mukutani tsopano?"

"Ndikutumiza mitengo."

"Mitengo yanji?"

"Msuku, mpoza, mlombwa."

Adalaivala anatembenukira kwa alonda. "Madala, mayi uyu ali bwinobwino? Ku Chipata mitengo ilipo kale."

"Musiyeni," anatero alonda. "Akulawa mchere."

Ndinadina. Funso silinabwere. Kakamwa ka disiketi kanayaka, nkhumba ija inalira m'tulo mwake, ndipo pagalasi panatuluka nambala wani. Kulira kumeneko ndinakudziwa, kunali kwa masiku a asisi. Choncho kwa chinthu ichi umayamba watchula chimanga, dengu pambuyo. Umatapa kaye, manja ali odzaza, kenako n'kufunafuna poika. Mkazi wogwira ntchito chotero kwathu akanamubweza kwa anamkungwi. Ndipo mfundo yaing'ono imeneyi, yokwana mzere umodzi, m'buku lonenepa lija sindinaipeze.

Ndinalemba mzere weniweni, C ndi dzina la mndandanda, kenako A ndi dzina la mndandanda. Ndinauwerenga katatu, chala chikuloza pagalasi. Nditadina, funso lija linabweranso, liwu lalitali lomwe lija, koma tsopano pambuyo pake panali A. Chinkafuna kulemba pamwamba pa za m'dengu. Ndinadziwa kuti pano yankho ndi Y, ndi pamene asisi ankadina. Koma dzanja linakana. Ndinali nditangopulumuka kwa Y, ndiye ndibwerere kwa iye? Nanga ngati ndaona A chifukwa ndikufuna kuona A?

"Atate, tabwerani. Chilembo ichi n'chiti?"

"Ine sukulu ndinaionera pawindo."

"Chikufanana ndi chiyani?"

Anasinzina diso limodzi. "Denga la nkhokwe, lili ndi mtanda pakati."

"Osati mwezi?"

"Mwezi ndimaudziwa, amake mwana. Ili ndi denga."

Adalaivala nawonso anati ndi A. Ndinadina Y. Kakamwa kanayaka, kanalira nthawi yaitali kuposa pa mitengo, yaitali kwambiri moti ndinayamba kuwerenga kupuma kwa mwana pachifuwa panga. Kagetsi kofiira kanali kakuphethira. Kenako wani. Ndinadikira kuti kakamwa kazime monga ankachitira asisi, n'kutulutsa disiketi. Inali yofunda. Adalaivala anailanda ndisanamate envulopu. Ndinatsegulanso mndandanda kuti ndione ngati nkhokwe ikadali yodzaza, ndinaona dzina loyamba, ndinatseka, ndipo ndisanafike pa batani lozimitsira galasi linada lokha. Kunja galimoto inali italira kale. Mvula inayamba galimotoyo isanafike pamsewu waukulu.

Mantha sanathere pamenepo. Sindinadziwe chimene chapita ku Chipata. Wani uja akanatha kutanthauza chilichonse, monga ndinaganizira za ziro. Loweruka ndi Lamlungu ndinkangoona maina akuthamanga pagalasi, ndikusinja, ndikuchapa, ndili m'tchalitchi. Dzuwa linabwerera Lachiwiri, mabatire anadzaza, koma sindinayatse. Ndinkasesa mozungulira ngati kale.

Asisi anabwera atameta, ataonda. Nditawapepesa n'kuwapatsa tiyi ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa dengu. Poyamba anaseka, koyamba chibwerereni. Kenako anasiya, nayang'ana mwana wanga amene anali pamkeka pakona.

"Ukanadina Y poyamba paja, Januwale akanakhala pamwamba pa Febuluwale. Tikanayenda Pembamoyo yense khomo ndi khomo kupempha makhadi."

"Nanga ufa?"

"Ufa ukanabwera wa ana a Januwale."

Anayatsa kompyuta, naona kuti maina onse alimo. Za disiketi anati nawonso sangadziwe mpaka galimoto itabwera, chifukwa nthawi zina zinkafika zitafa ndi chinyezi. Ndinawafunsa kuti iwo m'buku lija anamva bwanji.

"Buku? Ine anandionetsa bambo wina wa ku Chipata, ola limodzi, ndinaloweza ngati vesi. Tsamba lija anapinda ndi iyeyo. Ndinayesapo kuliwerenga kamodzi, mutu unawawa."

"Ndiye munati zonse zili m'buku."

"Ndinali pa maliro, mng'ono wanga. Ndimayesa iwe uli ndi mtima wautali kuposa ine."

Tsiku lomwelo ndinatenga pensulo n'kulemba m'mphepete mwa tsamba lopindidwa, m'Chichewa, mzere wonse monga ulembedwera. Pansi pake ndinawonjezera kuti: Yamba ndi nkhokwe, dengu pambuyo. Likafunsa za A vomera. Likafunsa za C kana. Asisi anati kulemba m'buku la bungwe n'koletsedwa, kenako anandibwereka bolopeni kuti zisafufutike.

Ufa unabwera patapita masabata awiri ndi theka. Wa midzi ya pafupi ndi boma ankagawira pabwalo la kachipatala, ndipo maina ankawerengedwa papepala lochokera ku Chipata, osati lathu. Adalaivala atandiona pamzere anakuwa ali pamwamba pa matumba kuti mabwana aiona mitengo yanga, koma akuti mlombwa ndi wonenepa kale, sulandira. Amayi anzanga anaseka osadziwa nkhani yake. Ine ndinamwetulira pang'ono. Ngati mitengo inafika, ndiye disiketi inafika yamoyo. Koma mndandanda unali uti, wa Januwale kapena wa Febuluwale?

Wowerenga anayamba. Maina oyamba anali akale, ana amene ankalandira kuyambira chaka chatha, ndipo sanandiuze kanthu. Amayi ankayankha, kupita kutsogolo, kutambasula thumba, kubwerera. Mzere unkafupika. Ndinkadziwa kuti langa lili kumapeto, chifukwa ndinaliika ndekha kumeneko, ndipo ndinadzida chifukwa cha manyazi aja. Wowerenga anatembenuza pepala lomaliza, nanyambita chala, naima kuti amwe madzi. Tinatsala amayi atatu, kenako awiri. Mwana anali maso kumsana, akuseweretsa mfundo ya duku langa.

Dzina linatchulidwa. Ndinalimva bwinobwino, dzina lake ndi la mudzi wathu, koma ndinangoimabe pamzere. Wowerenga analibwereza, akuyang'ana uku ndi uku. Mayi amene anali atangolandira anandigunda ndi chigongono.

"Si wanu ameneyo? Yankhani, angamudule."

"Alipo," ndinatero.

Ndinapita kutsogolo n'kugwada. Thumba ndinali nditalitambasula kale, wotapa asanaviike mbale mu ufa.